Injini ya boti langa inkakana kumwa antifreeze

Boti langa la matanga limagona pamadzi nyengo yonse yozizira, padoko la maboti ku Firth of Clyde, ku Scotland. Madzi otsalira mu injini akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, moti amang'amba mapaipi, ngakhale chitsulo chimene. Ndiye mu Novembala timatseka vavu yolowetsa madzi a m'nyanja oziziritsa injini n'kumwetsa injiniyo antifreeze (mankhwala oletsa madzi kuundana) wa propylene glycol, wapinki uja, poti alibe poizoni woopsa ngati winayo wa ethylene glycol.

Ndinazula paipi pavavupo, kuiviika mu ndowa ya antifreeze, n'kuliza injini, koma mankhwala osatsika ngakhale pang'ono. Ndinazimitsa msanga, chifukwa impela, kagudumu ka timapiko ta labala ka mu pampu yokoka madzi, ikazungulira youma sichedwa kupsa. Vuto linali pachivindikiro cha sefa ya madzi opita ku pampu: kalabala kake kozungulira kanali katauma gwaa, ming'alu yokhayokha, pampu n'kumangokoka mpweya. Ndinaikapo katsopano nditakapaka girizi ya silikoni, n'kudzaza sefayo ndi antifreeze kuti pampu ipeze poyambira. Nditalizanso, ndowa inayamba kuphwa mpaka zapinki zinatulukira ku ekizosi.

Impela ndinaichotsa n'kuisunga m'kathumba, kuti timapiko take tisapindikiretu pofika Epulo.