Kulimbitsa zitsulo za nyumba yoyandikana ndi malo a gasi

Silinda ya gasi kapena thanki ya kompresa ikaphulika pafupi, mphepo yake imakankhira khoma mkati, kenako n'kulikokera kunja. Chitsulo chopindika koma osachoka pamalo pake chimapulumutsa anthu. Choopsa ndi lata kapena chitseko chothothoka n'kuuluka, ndiye ntchito yaikulu ili polumikizira.

Malata a 0.3mm amang'ambika pa sikuluu ngati pepala. Gulani a IBR (malata a mizere yamakona) a 0.5mm, mumange ndi masikuluu a mawashala akulu pa purlin (chitsulo chopingasa chomwe malata amakhalapo) iliyonse, osadumphitsa mizere. Misomali ya malata isiyeni, imazuka.

Ma purlin ndiwo ofunika kuwaganizira mofatsa. Mukaika thilasi (felemu yonyamula ma purlin) ina pakati, mtunda n'kuchoka pa 6m kufika pa 3m, mphamvu yopinda purlin imatsika kanayi. Polumikiza purlin ziwiri, zipitirirane pamwamba pa thilasi, zisangogundana kumapeto. Ambiri amaiwala kukoka kuja: denga likamakokedwa, mbali yapansi ya purlin, yomwe sinagwidwe ndi lata, imapotokola. Igwirizeni ku thilasi ndi engo ayoni wa 50x50x5mm womangidwa mopingasa.

Mabawuti akhale a M16 (onenepa 16mm) olembedwa 8.8 pamutu; a 4.6 mphamvu yake ndi theka. Powotcherera, mzere uzungulire ponse. Gogodani zotsalira za rodi muone ngati muli timabowo. Kudonthetsa apa ndi apo, monga timaonera pa mageti ambiri muno mu Chipata, kumaduka kamodzi n'kamodzi osayamba kapindika.

Chitseko chizitsegukira kunja, kuti mphepo ikachimenya chitsamire pa felemu. Mphepo ikamachikokera kunja, mphamvu yonse imagwera pa mahinjesi ndi loko, choncho ikani mahinjesi atatu kapena anayi ndi zotsekera pamwamba, pakati ndi pansi. Felemu ilowe mu konkire ndi mabawuti, chifukwa buloko yamphako sigwira kanthu.

Chipinda chosungiramo masilinda enieniwo n'chosiyana. Mukachitseka molimba ponse, mphamvu imasowa potulukira n'kugwetsa makoma. Makoma alimbe, denga lipepuke, ndipo muboole mipata ya mpweya pansi penipeni, poti gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya ndipo amakhuthukira pansi.

Kukula kwa zitsulo kumatengera kuchuluka kwa gasi ndi kutalika kwa pamene ali. Akuwerengereni injiniya wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia, pulani isanapite ku khonsolo.