Momwe mungadziwire ngati ntchito ya wasayansi wa mankhwala inasintha kanthu

Chaka chilichonse ndimapatsa ophunzira anga dzina la wasayansi mmodzi kuti akafufuze ngati ntchito yake inapindulira anthu. Ambiri amabwera ndi nambala imodzi ya pa Google Scholar, webusaiti imene imawerenga kangati mapepala a kafukufuku a munthu atchulidwa, n'kukhala pansi ngati amaliza. Ndikuonetsani njira imene ndimatsata ine, ndipo chitsanzo changa ndi Robert Lefkowitz wa pa yunivesite ya Duke ku America.

Choyamba, tsimikizani kuti munthuyo ndi yemweyo. Lembani dzina lake pa PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a kafukufuku wa zaumoyo, onani yunivesite yake ndi nambala yake ya ORCID (nambala yozindikiritsa wofufuza aliyense) ngati ali nayo, chifukwa anthu a mayina ofanana ndi ambiri. Kenako onani h-index. Muyeso umenewu anaukonza Jorge Hirsch mu 2005. Munthu amene h-index yake ndi 40 ali ndi mapepala 40 amene lililonse latchulidwa ndi ena kosachepera ka 40. Lembani nambalayo, koma musaimire pamenepo. Nkhalamba imaposa mnyamata pa muyeso uwu chifukwa cha zaka chabe, ndipo pepala lolakwika nalonso limatchulidwa ndi amene akulitsutsa. Yang'ananinso pamene dzina lake lili pa mndandanda wa olemba: kawirikawiri woyamba ndi amene anagwira ntchito ndi manja, wotsiriza ndi mwini labu.

Tsopano sankhani pepala limodzi, muliwerenge lonse. Apa ndi pamene ambiri amathawira. Dzifunseni kuti pepalali lisanatuluke anthu ankadziwa chiyani, ndipo litatuluka anayamba kudziwa chiyani. Madokotala ankadziwa kalekale kuti adrenaline amathamangitsa mtima, koma chimene chimalandira uthengawo pa khungu la selo, chotchedwa receptor, chinali chongoganizira. Gulu la Lefkowitz linachilondola pogwiritsa ntchito mankhwala okhala ndi chizindikiro cha radiation, linachipatula, ndipo mu 1986 pamodzi ndi anzawo anapeza jini ya beta-2 adrenergic receptor. Chodabwitsa chinali chakuti receptor imeneyi imapyoza khungu la selo kasanu ndi kawiri, chimodzimodzi rhodopsin wa m'diso amene amamva kuwala. Zinthu ziwiri zimene zinkaoneka zosagwirizana zinapezeka kuti ndi za banja limodzi, limene lero limatchedwa GPCR, ma receptor amene amapereka uthenga m'kati mwa selo kudzera mu puloteni yotchedwa G protein. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mankhwala amene tili nawo amagwira ntchito kudzera m'banja limeneli.

Mukatero pitani pa shelefu ya famase. Salbutamol wa odwala mphumu amadzutsa beta-2 kuti njira za mpweya zitseguke. Propranolol ndi atenolol amatseka ma receptor a beta kuti mtima udekhe. Koma chenjerani, musam'patse munthu mbewu za m'munda wa mnzake. Propranolol anapangidwa ndi James Black m'zaka za m'ma 1960, ntchito ya Lefkowitz isanayambe. Chimene Lefkowitz anawonjezera ndi kufotokoza mmene mankhwalawa amagwirira, komanso chifukwa chake receptor ikadzutsidwa mobwerezabwereza imagontha. Wophunzira amene wasiyanitsa ziwirizi ndimam'patsa malikisi ambiri kuposa wa nambala.

Funsaninso kuti anaphunzitsa ndani. Brian Kobilka anadutsa mu labu ya Lefkowitz m'zaka za m'ma 1980, anapita ku Stanford, ndipo mu 2011 anaonetsa maonekedwe a receptor ija itagwirana ndi G protein. Awiriwa anagawana mphoto ya Nobel ya chemistry mu 2012.

Wina akakakamira pa nambala, ndimam'tuma kuti akafufuze Tu Youyou wa ku China. Iye ndiye anatsogolera gulu limene linapeza artemisinin, mankhwala a malungo, koma lipoti la mu 1977 linatuluka m'dzina la gulu, lopanda dzina lake, m'chilankhulo cha ku China. Mukam'yeza ndi h-index muganiza kuti sanachite zambiri. Komatu LA amene zipatala za ku Malawi zakhala zikupereka kwa odwala malungo kuyambira 2007 ali ndi artemether, amene amachokera ku artemisinin yemweyo. Nobel ya Tu Youyou inabwera mu 2015, ali ndi zaka 84.