Mmene mungagulire wisiki wa single malt pa ulendo nkufika nayo bwinobwino kumudzi

Ife akuno ku Dedza ndi anzathu aku Ntcheu timayenda heavy, ena ku Joni pa basi, ena pa ndege kudzera Addis Ababa kaya Nairobi, ndipo pobwerako sipalephera munthu kutumidwa botolo. Malume amangoti mphwanga udzanditengereko wisiki wabwino, nde iwe kufika mu shopu umangotola bokosi lonyezimira kwambiri lija basi. Ndalama ya single malt ndi yambiri aise, nde musanapereke khadi pa kauntala taimani kaye muwerenge.

Siyani bokosi, onani lebulo ya pa botolo. Ngati ndi ya ku Scotland pakhale palembedwa Single Malt Scotch Whisky, mawu onse anayi. Malamulo awo a 2009 amati kuti alembe choncho ndiye kuti mowawo wapangidwa ndi chimera cha barele, pa fakitale imodzi, watchezedwa mmiphika imene amati pot still, wagona mmigolo ya mtengo wa oak zaka zosachepera 3 konko ku Scotland, ndipo mphamvu yake siyitsika pa 40%. Katchezedwe kake sikali kutali ndi ka amayi a kachasu kumudzi, kuwiritsa, nthunzi nkudutsa mu paipi nkuzizira nkumadontha, kungoti iwowa mutu ndi wakumapeto uja amaupatula nkusunga wapakati wokha, kenako nkuuiwala mu mgolo zaka zambirimbiri. Johnnie Walker Black Label, Chivas Regal, Ballantine's, onsewa ndi osakaniza, mowa wa mafakitale ambiri kuphatikizapo wa mbewu zina. Si oipa ayi, Black Label ine ndimamwa bwinobwino, koma ngati mwatumidwa single malt musabwere nazo izi nkumati ndi zomwezo. Green Label ndi chimera chokhachokha inde koma cha mafakitale angapo, nde nayonso si single. Ku Joni mupezanso Bain's, yopangidwa ku Wellington ndi chimanga, pamalembedwa single grain, ndi yokoma ndithu komanso mtengo wake ndi wabwinoko koma ndi gulu lina.

Kenako nambala. Mukaona 12 kaya 15 kaya 18, zaka zimenezo ndi za mowa wamng'ono kwambiri umene uli mbotolomo, wina ukhoza kukhala wamkulu kuposa apo koma wochepera ayi. Apa ndi pamene ma duty free, mashopu opanda msonkho a pa eyapoti aja, amatipezerera, chifukwa mashelefu awo adzadza ndi mabotolo olembedwa travel exclusive, dzina lokongola, bokosi lagolide, koma nambala palibe. Popanda nambala chimene mukudziwa motsimikiza nchakuti wakwana zaka 3, basi. Ena mwa amenewa ndi abwino, sindikukana, koma ine sindingalipire mtengo woposa wa 12 pa botolo limene mwini wake sakufuna kundiuza msinkhu wake, pokhapokha andilawitse kaye. Ndipo mashopu akuluakulu a pa eyapoti nthawi zambiri amakhala ndi botolo lotsegula kuseri, funsani musachite manyazi, ntchito yawo ndi yomweyo. Mtundu nawo usakunamizeni, kuderako sikutanthauza kukalamba, lamulo limawalola kuthiramo karamelo pang'ono kuti mtundu ufanane. Amene sathira amakonda kudzitama pa lebulo kuti natural colour. Mukaonanso non chill-filtered, kutanthauza kuti sanausefe atauziziritsa, ndi 46%, dziwani kuti mukathira madzi ozizira kapena ayezi uchita mbuu pang'ono, sunawonongeke, umatero.

Tsopano funso lalikulu nlakuti akamwe ndani. Ngati ndi madala amene anazolowera Malawi Gin kapena brande, yambani nawo ndi za ku Speyside, dera lina la ku Scotland, monga Glenfiddich 12 ya botolo lobiriwira la makona atatu lija kapena The Glenlivet 12, ndi zofewa, zimamveka ngati zipatso, palibe amene angakwinye nkhope. Glenmorangie ya ku Highlands ilinso momwemo. Zimene zalembedwa sherry cask, zogona mmigolo imene munali vinyo wa sherry, zimakhala zolemerako ndi kotsekemera kwa mphesa zouma, monga Macallan ndi GlenDronach, kungoti pa Macallan dzina lokhalo mulilipira. Ndiye pali za pa chilumba cha Islay, Laphroaig 10, Ardbeg 10, Lagavulin 16. Awa chimera chake amaumitsa ndi utsi wa peat, dothi lakuda la mmadambo limene amakumba nkuyanika nkumasonkhera moto, nde fungo lake ndi utsi weniweni, ena amati likumveka mankhwala a kuchipatala. Kuzizira kwa June kuno kunsi kwa phiri la Dedza, chifunga chitatseka msewu, kapu ya Lagavulin imagwira ntchito yake zedi, koma musagulire munthu amene sanalawepo, adzangoti mwamugulira zowonongeka nkuthiramo Coke, mtima wanu nkuwawa. Wofuna utsi wapakatikati tengani Talisker 10 kaya Highland Park 12.

Za mtengo, chotsani maganizo oti duty free ndiye kutchipa nthawi zonse. Mabotolo amasiyana kukula, a pa eyapoti ambiri ndi lita imodzi, a mmashopu aku South Africa ndi 750ml, aku UK ndi ku Ulaya ndi 700ml, nde kungoyerekeza mitengo ya pa shelefu mudzinamiza. Tulutsani foni, gawani mtengo ndi kukula kwa botolo. Mwachitsanzo la 750ml likakhala R600 ndiye kuti lita ndi R800, tsono onani ngati la pa eyapoti ya OR Tambo ku Joni likutsika pamenepo. Nthawi zambiri Makro, Tops kaya Checkers LiquorShop akakhala pa special amawagonjetsa a pa eyapoti, nde muzijambula mitengo mukadali mtauni. Komanso mlendo ku South Africa ali ndi ufulu wobwezeredwa VAT, ija ya 15%, ngati zonse wagula zapitirira R250, bola mukhale ndi tax invoice yeniyeni ndipo katunduyo mumuonetse kwa a kasitomu pa eyapoti musanapereke chikwama chanu. Mzere wake umatalika nde fikani msanga.

Kwa oyenda pa basi, chonde musagule kwa munthu wongoyenda ndi chikwama cha mabotolo cha ku Park Station kapena pa boda, olo mtengo ukhale wokoma bwanji. Amatolera mabotolo opanda kanthu a mayina akuluakulu nkudzazamo zawozawo, ndipo zina mwa izo zimachititsa khungu. Gulani mu shopu ya layisensi, onani kuti chotsekera cha pakamwa sichinang'ambidwe kapena kumatidwanso, ndipo mowa wafika pakhosi pa botolo mofanana ndi anzake pa shelefu.

Kunyamula ndiye kumene ambiri amalira. Pa ndege, botolo logula mtauni liyenera kulowa mu chikwama chachikulu chija chopita pansi, chifukwa mu cha mmanja ma eyapoti ambiri salola zamadzi zoposa 100ml. Mowa wa pakati pa 24% ndi 70% malire ake ndi malita 5 munthu mmodzi, ukhale mbotolo lake losatsegula. Mukagula ku duty free ya ku London kapena Dubai koma mukusintha ndege ku Addis, Nairobi kaya Joni, auzeni akuikireni mu jumbo yawo yomata ija lisiti likuonekera mkati, ndipo musaitsegule mpaka mutatera pa KIA, chifukwa posintha ndege amakusechaninso ndipo jumbo yotsegula amatha kulanda botolo pompo inu mukuona. Njira yosavuta ndi kugula pa eyapoti yomaliza, kungoti mwina simupeza mitundu yambiri. Pa basi, ulendo uja wa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Calomue, katundu amatsitsidwa nkukwezedwanso ndipo anyamata ake saponya mwaulemu. Valikani botolo sokosi ziwiri, likulungeni mu jumbo, kenako pakati pa zovala, kapena likhale nanu pampando choimirira, chifukwa kutentha kwa ku Tete kuja botolo logona limatha kuyamba kudontha pa chitsekero.

Pofika pa boda ya Dedza kapena pa eyapoti, a MRA amalola mowa wochepa chabe kulowa ulere, wopitirira apo mulipira msonkho, nde funsani mlingo wake musananyamuke ndipo lisiti likhale mthumba osati pansi pa chikwama, chifukwa popanda lisiti mtengo akuikirani okha. Ine ndimaona bwino kutenga botolo limodzi labwino kusiyana ndi atatu amene akakuvutitseni pa kauntala. Mukafika kunyumba liimikeni chilili mu kabati kosafika dzuwa, musaligoneke ngati vinyo chifukwa mowa wamphamvu umadya chitsekero chija. Ndipo malume auzeni asamasunge poganiza kuti ikukhwima, ikangochoka mu mgolo zaka zaima, 12 ikhalabe 12 olo aisunge mpaka Umhlangano wa chaka cha mawa.