Kugula fulati ya chipinda chimodzi m'nyumba zakale za ku Joni

M'madera akale a Johannesburg monga Killarney, Yeoville, Berea ndi Parktown muli mafulati omangidwa m'ma 1930 mpaka m'ma 1960: zipupa zochindikala, siling'i patali, pansi pa matabwa, chipinda chogona choti bedi ndi wadiropu zimalowa malo n'kutsala. Koma fulati yotere siigulidwa payokha. Mukugula gawo la chinyumba chonse, ndipo denga likayamba kudontha pansanjika yapamwamba, inu a pansi mudzasonkha nawo.

Funso loyamba kwa ejenti: kodi ndi sectional title kapena share block? Pa sectional title dzina lanu limalembedwa ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa umwini wa malo ndi nyumba, ngati mwini fulatiyo. Pa share block mumangogula masheya m'kampani yomwe ili ndi nyumbayo, ndipo mabanki ambiri sapereka bond, ngongole yogulira nyumba, pa zoterezi. Ejentiyo akuonetseninso Fidelity Fund Certificate yake, chikalata chomuloleza kugwira ntchitoyi, ndipo loya afufuze ku Deeds Office ngati wogulitsayo alidi mwini wake. Musapereke ndalama pamanja. Mumzinda muno muli nyumba zolandidwa ndi zigawenga zomwe zimatolera lendi. Tonse tikukumbukira moto wa ku Usindiso, ku Marshalltown, pa 31 August 2023, momwe munafa anthu 76, Amalawi anzathu ali momwemo. Dipoziti ipite ku trust account ya loya kapena ya ejenti basi, akaunti yosungira ndalama za makasitomala.

Tsopano mapepala a body corporate, omwe ndi bungwe la eni mafulati onse. Apa ndi pamene ambiri amafulumira, n'kudzalira pambuyo. Pemphani malipoti a zachuma owunikidwa a zaka ziwiri, ma minutes a msonkhano wapachaka, malamulo a m'nyumbamo, ndi dongosolo la zaka 10 la zokonzakonza. Lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito pa 7 October 2016 limafuna kuti pakhale dongosololi komanso thumba la ndalama zosungira. Onani kuti m'thumbamo muli zingati, eni angati sakulipira levy (ndalama yomwe mwini aliyense amasonkha mwezi ndi mwezi yoyendetsera nyumbayo), ndipo nyumbayo ili ndi ngongole yanji ya madzi ndi magetsi ku khansolo ya City of Johannesburg. Eni ambiri akamazemba levy, lifiti imaima, mlonda amachoka, khansolo imadula madzi, ndipo banki ikaona zimenezi imakana bond.

Levy yotsika kwambiri m'nyumba ya zaka 80 isakusangalatseni. Kawirikawiri ndiye kuti sakusunga kanthu, ndipo tsiku lina adzagamula special levy ya denga kapena lifiti. Ngati anagamula kale yolipira pang'onopang'ono, yotsalayo ikhoza kugwera inu, choncho mulembetse m'pangano kuti wogulitsa amalize yekha.

Pitani kukaona fulatiyo kawiri, masana komanso madzulo anthu ataweruka. Tsegulani mpopi wa kubafa ndi wa kukhitchini nthawi imodzi. Madzi akachepa mphamvu kapena kutuluka ofiirira, mapaipi ake ndi achitsulo akale omwe achita dzimbiri mkati. Gwirani chipupa cha kuseri kwa bafa: penti wotupa ndi fungo la nkhungu ndi chizindikiro cha chinyontho, ndipo khoma limodzi lokha lopakidwa penti watsopano likupatseni mafunso. Funsani ngati giza ndi yanuyanu kapena nyumba yonse imadalira boiler imodzi, ngati mita ndi ya prepaid, ngatinso pali thanki ya madzi, poti Johannesburg Water ikatseka, a m'mwamba ndiwo amayamba kuuma. Malo oimika galimoto nawo: alembedwe kuti ndi anu, osati "mwini wake amangoimika pamenepo."

Offer to purchase, pangano logulira nyumba, mukasaina, mwamangika. Masiku 5 osinthira maganizo amagwira pa nyumba ya R250,000 kapena yocheperapo yokha. Lembani kuti kugulako kudalira kuti banki ivomere bond pofika tsiku lakutilakuti. Werengani fomu yomwe wogulitsa amaululapo zowonongeka musanasaine, chifukwa mawu oti voetstoots amatanthauza kuti mwailandira mmene ilili. Satifiketi ya mawaya a magetsi ndi udindo wa wogulitsa, ndipo isapitirire zaka 2.

Mmalawi amaloledwa kugula. Mufunika pasipoti, chilolezo chokhalira kuno, umboni wa komwe mukukhala, nambala ya msonkho ya SARS ndi masitetimenti a kubanki. Amene sakhala m'dziko muno banki imamubwereka theka la mtengo lokha. Wokhala ndi chilolezo cha ntchito akhoza kupatsidwa zoposerapo, koma dipoziti yake imakhala yokulirapo kuposa ya nzika. Kuyambira pa 1 April 2025, nyumba yosapitirira R1,210,000 ilibe transfer duty, msonkho wogulira nyumba, koma loya wosintha umwini ndi wolembetsa bond mudzawalipira ndinu. Zonse zimatenga miyezi iwiri kapena itatu, ndipo chomwe chimachedwetsa kwambiri ndi zikalata za khansolo ndi za body corporate zotsimikiza kuti wogulitsa alibe ngongole.

Mukalowa, musathamangire nyundo. Lamulo la 1999 loteteza zinthu zakale limaletsa kusintha kapena kugwetsa gawo la nyumba yopitirira zaka 60 popanda chilolezo, ndipo kuno chimachokera ku Provincial Heritage Resources Authority Gauteng. Kuchotsa mawindo achitsulo n'kuika a aluminium, kutseka khonde kapena kuboola chipupa, zonsezi ziyambe ndi kalata kwa matrasti, omwe amayendetsa body corporate, kenako ku bungwe loteteza zinthu zakalelo. Matrasti akakukanizani popanda chifukwa chomveka, dandaulo limapita ku Community Schemes Ombud Service (CSOS), bungwe la boma lomva madandaulo a m'nyumba zoterezi.