Sola ya pa holo ikufera pa batire

Chaka chino anthu atangogulitsa soya ndi fodya, makomiti angapo kuno ku Kasungu anasonkhetsa ndalama zoikira magetsi a dzuwa pa maholo a m'midzi, momwe mumachitikira sukulu ya kwacha, sikelo ya ana ndi banki mkhonde. Lero mukadutsa madzulo cha ku Santhe kapena ku Chamama, mapanelo ali phee padenga, koma mkati muli mdima bii. Mapanelo ndi amoyo, chafa ndi batire.

Inu a makomiti, ndalama zonse mukuthera pa mapanelo poti ndiwo amaoneka kwa odutsa mumsewu, ndiye zotsala mukukagula batire ya galimoto, mwinanso yakale. Batire imeneyo anaipangira kuliza injini kwa kanthawi kochepa, n'kudzadzanso galimoto ikamayenda. Inu mukuikama usiku uliwonse mpaka mababu kufiira. Pakutha pa miyezi yochepa siisunganso moto. Ena mpaka kulumikiza waya kuchoka pa panelo kukafika pa batire popanda kontrola, kachipangizo koletsa batire kudzadza mopitirira muyezo, ati ndi mmene amachitira kunyumba potchaja foni. Dzuwa la mu Okutobala likaswa mtengo, madzi a m'batire amawira n'kuuma, mitu yake kuchita kuyera ndi ndere. Kodi nkhani ya kontrolayi tiinena mpaka liti?

Mlimi wina wa mtedza, yemwenso ndi msungichuma wa komiti, anandiimitsa pa msika. "Alangizi, ifetu timayesa dzuwa ndi laulere, tikagula basi zatha." Iwo anasonkha thumba la mtedza, amayi amasiye anasonkha ya ganyu. Pano akuyendanso khomo ndi khomo kupempha ya batire, ndipo aliyense akuwafunsa kuti ndalama zoyamba zija anadya ndani. Munthu sanabe ngakhale tambala, koma ulemu wake wapita, ndipo mudzi umenewo kuti udzasonkhenso za chitukuko padzavuta.

Panelo yabwino imatha zaka 20 kapena kuposa. Batire yeniyeni ya sola, ya asidi, mukaisamala imatha zaka 3 mpaka 5. Ndiye kuti panelo isanakalambe mudzagula batire kangapo, ndipo pakuti imachokera kunja, mtengo wake umatsata dola. Munaona nokha mmene zinthu zinakwerera kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Polemba pempho la ndalama za CDF (thumba la boma la chitukuko cha m'dera) kudzera ku makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera la mfumu yaikulu (ADC), kapena ku bungwe lililonse, ikanimo batire ya sola, kontrola, ndi malipiro a mmisiri wa chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Kuyambira tsiku loyatsa, wotchaja foni, wometa ndi wobwereka holo pa ukwati azilipira, ndalamazo zizisungidwa padera kuti zidzagulire batire ina, zisakhudzidwe ngakhale pa maliro. Batire ya asidi musamaitsitse kupitirira theka. Mapanelo ayang'ane kumpoto, ndipo m'chilimwe muziwapukuta fumbi m'mamawa asanatenthe.