Asakugulitseni mantha ndi pepala la magazi: vitamini D ndi kunenepa kuno ku UK

Abale anga muli kuno ku UK, makamaka inu ogwira ntchito usiku m'nyumba zosamalira okalamba, wina akakutumizirani uthenga pa WhatsApp woti ali ndi mayeso apadera a mapuloteni a m'magazi omwe akuuzeni chifukwa chomwe mukunenepera ndi kutopa, musathamangire kutulutsa khadi la kubanki. Ine zinandidyera ndalama ndi thanzi, ndipo mtima ukupwetekabe.

Vuto la kuchepa kwa vitamini D lilipodi, sindikukana. Vitamini D thupi limapanga lokha dzuwa likawomba pakhungu. Ku Lilongwe kapena ku Mzuzu sitinkaiganizira n'komwe. Kuno, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, dzuwa limakhala lopanda mphamvu moti khungu silipanga kanthu ngakhale kunja kuwale bwanji. Khungu lakuda limafuna dzuwa lambiri kuposa loyera kuti lipange mlingo womwewo, ndipo dzuwa lolowera pagalasi la windo silithandiza. Pamwamba pa izo, masana ife timakhala tili mtulo. N'chifukwa chake a NHS, omwe amayendetsa zipatala za boma kuno, amalangiza anthu akhungu lakuda kumwa ma microgram 10 tsiku lililonse chaka chonse, omwe pabotolo amalembanso kuti 400 IU. Kabotolo kake n'kotchipa, kali mu supamaketi ndi ku famase iliyonse, ndipo sikafuna kalata ya dokotala.

Ine zinayamba ndi m'chiuno, msana ndi ntchafu. Kudzuka pampando kunkafuna kugwira tebulo, masitepe ndinkakwera mopumira. Thupi nalo linali litakula, ndipo akumudzi akaona zithunzi ankangoti, "Koma ndiye mwanenepa achimwene, zikukuyenderani." Ndikaimba foni kwa GP, dokotala wa m'dera yemwe umayambira kwa iye ukadwala, wolandira mafoni ankandiuza kuti malo atha, ndiimbenso mawa 8 koloko, nthawi yomwe ndimakhala ndikupereka lipoti kwa olowa shifiti ya m'mawa. Nditapeza mpata wolankhula ndi dokotalayo, pafoni pomwepo, yankho linali loti ndi kunyamula odwala, ndizimwa paracetamol ndipo ndichepetse thupi. Zoyeza magazi sanazitchule. Ndinatsitsa foni ndili wokhumudwa kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti ululu umenewu si wa kutopa.

Apa m'pomwe analowera munthu wina, Mmalawi mnzathu, yemwe timapemphera naye limodzi. Anabwera kunyumba mwaulemu, natenga magazi pachala n'kukatumiza pa positi. Patapita masiku anabwera ndi pepala lodzaza mizere yofiira: CRP, leptin, adiponectin, vitamini D. Anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti magazi anga ali ndi poizoni, chiwindi chikupsa, ndipo a GP sayeza zimenezi chifukwa salabadira anthu akuda. Munthu woti wangokankhidwa kumene kuofesi ya dokotala, mawu amenewa amamulowa mumtima. Anandilembetsa pa direct debit, yoti banki izindidula ndalama yokha mwezi ndi mwezi, kuti ndizilandira izi: tiyi wochepetsa thupi, mapilitsi a kashiamu, ndi makapusolo a vitamini D a 50,000 IU oti ndizimwa tsiku ndi tsiku. Ankati vitamini D ikakwera, mafuta asungunuka okha.

Mafuta sanasungunuke. Chomwe chinabwera ndi ludzu losatha, kukodza usiku wonse, nseru ndi kudzimbidwa. Nditaimba 111, nambala ya NHS yofunsira thandizo lamsanga, ananditumiza kuchipatala, komwe anapeza kashiamu wa m'magazi atakwera mpaka kuyamba kuvutitsa impso. Dokotala ataona botolo lija anandiuza kuti makapusolo amenewo amaperekedwa kamodzi pa sabata, kwa masabata owerengeka, dokotala akuyang'anira. Nditamuimbira m'bale uja, anandibuloka. Ndalama zinapitiriza kudulidwa mpaka nditakaletsa ndekha kubanki. Ndipo nditanena nkhaniyi pagulu lathu, akuluakulu anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndiugwire mtima, ndi mwana wakwathu, tisamuchititse manyazi pachilendo. Zimenezi zinandiwawa kuposa ndalamazo. Mpaka pano akutsatsabe malonda ake pagulu lomwelo, ndipo alongo athu akugula.

Tsono mvetserani zomwe zinali papepala lija, kuti tsiku lina lisadzakuopsezeni. CRP ndi puloteni yopangidwa m'chiwindi, ndipo imakwera thupi likamalimbana ndi chilichonse, kaya chimfine, kaya dzino lobooka. Mwa munthu wonenepa imakhala yokwererapo pang'ono, chifukwa mafuta a pamimba amatulutsa zinthu zoyambitsa kutupa kwapang'onopang'ono m'thupi. Leptin imapangidwa ndi mafuta enieniwo: mafuta akachuluka, nayonso imachuluka. Adiponectin imachita zosiyana, imatsika munthu akanenepa. Ndiye kulipira mapaundi ambirimbiri kuti akuuzeni kuti leptin yakwera n'kulipira kuti akuuzeni zomwe tepi ya telala ikanakuuzani ulele. Mapuloteni awiri omalizawa amathandiza ofufuza, koma palibe pilitsi la mu sutikesi ya munthu lomwe limawakonza.

Nanga bwanji onenepa amapezeka ndi vitamini D yochepa? Vitaminiyi imasungunuka m'mafuta, ndiye mafuta akachuluka imakabisala m'menemo, m'magazi n'kutsala yochepa. Supuni imodzi ya shuga mu kapu imamveka, mu ndowa simveka. Kafukufuku wa mu 2013, woona za chibadwa cha anthu oposa 42,000, anasonyeza kuti kunenepa ndiko kumatsitsa vitamini D, osati kuti kuchepa kwa vitaminiyo ndiko kumanenepetsa. Aliyense wokulonjezani kuti muonda ndi vitamini D akukunamizani, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Chenjeraninso ndi a mbali inayo, aja amalemba pa Facebook kuti munthu wakuda safuna vitamini D. Nkhaniyi inachokera pa puloteni ina ya m'chiwindi yomwe imanyamula pafupifupi vitamini D yonse m'magazi. Mu 2013 momwemo, ofufuza ena ku America ananena kuti anthu akuda ali ndi puloteniyi yochepa, choncho nambala yawo yotsika si vuto. Pambuyo pake asayansi ena anaonetsa kuti njira yomwe anayezera inkalephera kuwerenga bwino mtundu wa puloteniyi umene ambiri a ife tili nawo. Mafupa ofewa mwa akulu ndi miyendo yamatewe mwa ana zimapezeka ndithu pakati pa anthu akuda kuno.

Kulembetsa kwa GP ku England n'kwaulere ndipo sikufuna umboni wa viza kapena wa adiresi. Akakuyezani magazi, zotsatira zake zimaoneka pa NHS App.

Chovuta n'kuwachititsa kuti akuyezeni. Sayeza vitamini D mwa munthu wopanda zizindikiro, ndiye lekani khalidwe lathu lija lofika kwa dokotala n'kumati "ndiliko bwino pang'ono". Ngati foni ikukukanikani, lembani fomu ya pa intaneti, ndipo lembani mosabisa: mafupa akuwawa, ndikuvutika kudzuka pampando, ndine wa ku Africa, ndimagwira ntchito usiku. Pemphani mayeso a vitamini D otchedwa 25-hydroxyvitamin D, bone profile yomwe imaonetsa kashiamu, mayeso a impso, ndi HbA1c ya shuga. Akakana, funsani chifukwa chake ndipo pemphani kuonana ndi dokotala wina. Ngati mumamwa mankhwala a khunyu kapena ma ARV okhala ndi efavirenz, nenani, chifukwa amatsitsa vitamini D. Ngati muli ndi chibadwa cha sickle cell, nenaninso, chifukwa HbA1c imatha kusokonekera.

Manambala ake muwadziwe nokha. Vitamini D yochepera 25 nmol/L ndi kusowa kwenikweni, pakati pa 25 ndi 50 ndi yoperewera kwa ena, kupitirira 50 n'kokwanira kwa ambiri. Mapepala ena amalemba mu ng/mL monga amachitira ku America, ndipo nambala imeneyo muichulukitse ndi 2.5 musanachite mantha. HbA1c ya 42 mpaka 47 ndi chenjezo, 48 kupita m'mwamba ndi malire a matenda a shuga. Kwa ife a ku Africa, bungwe la NICE, lomwe limalemba malangizo a zachipatala kuno, linatsitsa malire a BMI, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake: 23 ndi kuyamba kulemera, 27.5 ndi kunenepa kwambiri, chifukwa shuga amatigwira tisanafike pa 30, pomwe pali malire a azungu. Yezani mimba yanu ndi tepi, isapitirire theka la kutalika kwanu. Nkhondo yeniyeni ili pamenepo, pa nsima ya pakati pausiku, zakumwa zotsekemera ndi mabisiketi a ku shifiti.

Musapitirire 4,000 IU patsiku popanda dokotala. Mukapezeka kuti mukusowadi, iye ndi amene amapereka mlingo waukulu, pafupifupi 300,000 IU yogawidwa pa masabata 6 mpaka 10, kenako n'kuyezanso kashiamu. Botolo lopanda dzina la kampani, kapena lochokera m'chikwama cha munthu pambuyo pa mapemphero, lisalowe m'nyumba mwanu, ngakhale wogulitsayo akhale mlamu wanu.

Musadalire mkaka: wa ng'ombe kuno nthawi zambiri sathiramo vitamini D ngati ku America ndi ku Canada. Sardines, mackerel, salmon ndi mazira zimathandiza, koma pazokha sizikwanira. Inu muli ndi ana, khanda loyamwa bere lizilandira madontho a ma microgram 8.5 mpaka 10 tsiku lililonse kuyambira pobadwa, kupatula ngati likumwa mkaka wa m'chitini woposa 500 ml patsiku. Wa chaka chimodzi mpaka zinayi azilandira 10. Amayi oyembekezera funsani mzamba wanu za mavitamini a Healthy Start, madera ena amawapereka ulele.