Momwe mungasamalire munthu amene wamangidwa nsagwada ndi waya

Wagwa pa kabaza, nsagwada yathyoka, ndipo adokotala a mano ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central amanga mano akumwamba ndi akunsi ndi waya kuti fupa lilumikizane lisakugwedezeka. Mawayawo amakhala masabata 4 mpaka 6. Ntchito yotsala ili kunyumba, m'manja mwa inu omudwazika.

Yambani ndi chakudya, chifukwa apa mpamene ambiri amawonda mpaka nthiti kuwerengeka. Nsima iwalani kaye. Phikani phala lamadzimadzi, muthiremo nsinjiro kapena chiponde, mkaka ndi kasupuni ka mafuta, kenako musefe. Nyemba muzipote n'kuzisungunula ndi msuzi wake. Nthochi ndi mapeyala muzikanye mu mkaka mpaka zithe mibulu yonse, poti kambulu kamodzi kokha kamatseka mpata wa mano. Azimwa pang'onopang'ono, kasanu kapena kasanu n'kamodzi pa tsiku, atakhala tsonga. Tiyi ndi thobwa zokha sizingamange fupa, chonde musamunyenge nazo.

Akatha kudya, achukuche m'kamwa ndi madzi ofunda: theka la supuni yaing'ono ya mchere mu kapu imodzi. Mano atsuke ndi mswachi wofewa wa ana. Milomo imauma n'kung'ambika, ndiye muzimudzoza Vaseline.

Choopsa kwambiri ndi kusanza. Munthu wotsekedwa pakamwa atha kutsamwa ndi masanzi ake. Akamva mseru, aweramire kutsogolo kapena agone cham'mbali, mumukokere tsaya kuti zituluke m'mipata ya mano. Musanachoke kuchipatala, funsani adokotala akusonyezeni waya woti mudule ngati akubanika. Mowa ndi woletsedwa chifukwa umatha kusanzitsa. Fodya naye amachedwetsa bala kupola.

Thamangirani kuchipatala ngati thupi latentha, kutupa kukukulirakulira, m'kamwa mukutuluka mafinya, waya wamasuka, kapena akuvutika kupuma. Dzanzi la mlomo wakunsi lokha lisakuopseni. Mtsempha wodutsa m'fupamo umatenga masabata, nthawi zina miyezi, kuti ubwerere, koma muwauze adokotala.

Sabata yachitatu ululu umachepa, ndipo wodwala amayamba kuchonderera kuti mumumasule ndi pulayala. Mukane. Fupa likalumikizana mokhota, mano sakumananso, ndipo kukonza kwake ndi opaleshoni ina. Akachotsa mawaya kuchipatala, nsagwada imakhala yolimba, yovuta kutsegula: ayambe ndi mbatata yophika ndi mazira, chimanga chokazinga chidikire.